Pakhonde pa Agogo: "Nanga Ana Anga Aja, Mulungu Wanu Sanawaone?"

Mwezi uno makalata abwera ambiri, ndipo anayi mwa iwo, ngakhale achokera kutali ndi kutali, akhudza bala limodzi. Ndawaika pamodzi. Inu a mafunso a zaukwati ndi a malire a minda mundidikire mwezi wamawa, sindinakuiwaleni. Monga mwa nthawi zonse, mayina ndachotsa.

FUNSO

Agogo, ine ndine mayi wa ana atatu. Ndinkakhala ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, pamene namondwe wa Freddy anatigwera mu Marichi 2023. Tsiku limenelo mwana wanga wamng'ono anatentha thupi, ndiye tonse tinakagona kwa achemwali anga kufupi ndi msewu kuti m'mawa tilawirire kuchipatala. Nyumba yathu inapita ndi matope. Ya aneba athu inapitanso, koma iyo munali anthu, mayi ndi ana awiri. Bambo wa m'nyumbamo anatsala chifukwa anali ku ulonda. Kuyambira pamenepo kumpingo kwathu amandiimiritsa kawirikawiri kuti ndichitire umboni, anthu n'kumaomba m'manja kuti Mulungu amasunga ake. Tsiku lina bambo uja anandimva, poti zimkuzamawu zathu zimamveka mpaka kumsika. Titakumana pa kiyosiki ya madzi anandifunsa modekha kuti, "Mayi, nanga ana anga aja, Mulungu wanu sanawaone?" Iye sapemphera, koma mkazi wake anali wa kwaya. Ndinangoti kukamwa yasa, mawu osatuluka. Tsopano ndikuopa kuchitira umboni, komanso ndikuopa kuti ndikakhala chete ndifanana ndi akhate 9 aja amene Yesu anawachiritsa koma osayamika. Nditani?

*Mayi wa ku Blantyre*

YANKHO

Mwanangu, kalata yanu ndaiwerenga katatu. Ulendo wachitatu ndinaisiya pa mpando n'kupita kukasesa pabwalo kuti mtima ukhale pansi. Pa kiyosiki paja simunalakwe kusowa mawu. Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 oyamba aja, pamene anangokhala naye pansi osanena kanthu. Zinayamba kuipa atatsegula pakamwa kuti amufotokozere maganizo a Mulungu.

Kuyamika yamikani. Ana anu atatu ali moyo, ndipo ine si amene ndingakuuzeni kuti kutentha thupi kwa mwana tsiku limenelo kunalibe dzanja la Mulungu. Chimene chikundivuta ndi mawu amene mpingo ukuwaombera m'manja. Akati "Mulungu amasunga ake," mawuwo ali ndi mchira, ndipo mchirawo ndi umene unamukwapula bambo uja ali kumsika. Iye anamva kuti amene anakwiririka sanali a Mulungu. Mayi wa kwaya uja sanali wake? Ana awiri aja anali a yani? Inu simunafune kunena zimenezo, ndikudziwa, koma khutu la wofedwa limamva zimene ife osafedwa sitizimva.

Tsegulani Luka 13. Anthu anabwera kwa Yesu ndi nkhani ya Agalileya amene Pilato anawapha, iye n'kuwonjezerapo ya anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera. Anafunsa ngati anthuwo anali olakwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu, ndipo anadziyankha yekha kuti iyayi. Kenaka mutsegule Machitidwe 12. Herode anapha Yakobo ndi lupanga, n'kugwiranso Petro. Petro mngelo anamutulutsa m'ndende usiku, maunyolo kugwa okha m'manja. Mutu umodzi womwewo, mpingo womwewo, atumwi awiri a Ambuye mmodzi. Wolembayo sanatiuze chifukwa chake wina anatuluka, wina anaphedwa, ndipo ine sindidzayerekeza kudziwa zimene iye sanalembe. Ndimangoganiza za Yohane, m'bale wake wa Yakobo, mmene ankamvera anthu akusimba za kutuluka kwa Petro.

Ndinali namwino pamene napolo anatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe mu Marichi 1991, n'kupha anthu mazana. Tinatumizidwa kukathandiza. Fungo la matope aja sindinaliiwale, ndi mmene tinkachotsera mchenga m'makutu ndi m'mabala a anthu. Mayi wina anapezeka wamoyo atakakamira pa nthambi ya mango. Mwana amene anamubereka kumbuyo madzi anamulanda, nsalu n'kutsala yomangika pachifuwa, mfundo yake ili chimangire. Alendo ena obwera kudzapemphera m'wodimo anamuuza kuti aimbe aleluya poti Mulungu wamuchitira chozizwitsa. Mayiyo anangotembenukira kukhoma. Nsalu ija anakana kuti tiimasule masiku atatu. Kuchokera pamenepo, ndisanakweze mawu oyamika ndimayamba ndayang'ana amene wagona pa bedi loyandikana.

Palinso katundu wina amene tisamusenzetse Mulungu. Freddy anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 m'dziko muno, fuko lonse n'kukhala pa maliro masiku 14. Mvula inagwa yoopsa masiku angapo osakata, n'zoona. Koma Soche amene ine ndinamudziwa ndili mtsikana anali ndi nkhalango yowirira. Mitengo inatha ndi nkhwangwa zathu, ndipo anthu anakwera kukamanga m'phiri chifukwa kumusi malo ndi lendi n'zosafikirika kwa mlonda ndi wogulitsa tomato. Matope aja sanafunse kuti muno mumapemphera kodi. Anatsata kutsetsereka, ndipo ogona m'njira yake anali osauka. Tikangoti chinali chifuniro cha Mulungu, tikubisa nkhwangwa ndi umphawi kumbuyo kwa dzina lake.

Funso la bambo uja lili kale m'Baibulo lanulo. Mu Salimo 42 woimbayo akudandaula kuti misozi yasanduka chakudya chake usana ndi usiku, anthu akumufunsa kuti Mulungu wake ali kuti. Ndipo mbiri ya Mulungu pakati pa anthu osamupembedza ndi nkhani imene Malemba amaisamala kwambiri. Pa Numeri 14 Mose anachita kumukumbutsa Mulungu kuti akawononga Aisraeli m'chipululu, Aigupto adzamva, ndipo mitundu idzati analephera kuwafikitsa ku dziko limene anawalonjeza. Koma taonani chimene Mose ankapempha: chikhululukiro cha anthu olakwa. Pa Ezekieli 36 Mulungu akuwauza anthu ake poyera kuti akuwatulutsa ku ukapolo osati chifukwa iwo ndi abwino, koma chifukwa cha dzina lake limene iwo eni analidetsa pakati pa mitundu. Wopulumuka alibe chodzitamira pamenepo. Ndipo Paulo pa Aroma 2:24 chala sakuloza osapembedza ayi, akuloza opembedza, kuti dzina la Mulungu likunyozedwa chifukwa cha iwo.

Ndiye pitani kwa abusa anu, muwauze zonse monga mwandiuzira ine. Mukadzaimanso kutsogolo, muyambe ndi mayi wa kwaya uja ndi ana ake, mpingo ukhale chete kanthawi. Kenaka munene kuti inu munatsala, chifukwa chake simuchidziwa, koma mukuyamika. Umenewo ndi umboni wathunthu, ndipo wofedwa akhoza kuumva ali kumsika osaboledwa mtima. Msamariya wakhate uja amene anabwerera yekha kwa Yesu anayamika mokweza ndithu, koma anzake onse 9 anali atachira nawo. Pambali pake panalibe wolira maliro.

Kwa bambo uja mupite ndi amuna anu kapena ndi amayi awiri a kumpingo, ulaliki muusiye kunyumba. Nyamulani ufa ndi makala. Mayina a ana ake muwatchule, mumuuze zimene mukukumbuka, mmene ankasewerera ndi anu pakhomo. Anthu ambiri amaopa kutchula ana omwalira pamaso pa kholo, pamene kholo limalakalaka wina atawatchula. Akakufunsaninso funso lija, muyankhe kuti, "Sindikudziwa, bambo, nanenso limandipweteka." Maliro n'kulirana, ndipo kwa iye maliro aja sanathe.

FUNSO

Agogo, ndine mnyamata wa zaka 24 wa ku Mponela. Amayi anga akhala akumwa ma ARV kuyambira 2012, ndipo anali bwinobwino, soya ndi chimanga akulima okha. Chaka chino kuchipatala anawauza kuti kachilombo sikakuonekanso m'magazi. Atanena zimenezi ku mapemphero a usiku, mneneri wa kumeneko anati n'chozizwitsa, achira, ndipo akapitiriza kumwa mankhwala ndiye kuti akumuchititsa manyazi Mulungu pamaso pa akunja. Mabotolo anawatentha anthu akuona, kanema wake n'kuyenda pa WhatsApp. Papita miyezi itatu. Tsopano akutsokomola, usiku akutuluka thukuta, ndipo zovala zayamba kuwakulira. Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu amachiritsa. Koma ndili ndi mantha, ndipo mwana sangakalipire mayi ake. Ndithandizeni.

*Mdzukulu wanu wa ku Dowa*

YANKHO

Mdzukulu wanga, iyi si yodikira. Amayi apite kuchipatala mawa lomwe, buku lawo la kuchipatala lili m'manja. Chifuwa, thukuta la usiku ndi kuonda kwa munthu amene wasiya ma ARV, ife anamwino timayamba taganiza za TB mpaka makhololo atapimidwa. Kupima ndi mankhwala a TB n'zaulere m'zipatala za boma. Akayamba kudandaula mutu waukulu wosamva panado, kuuma khosi, kapena kulankhula zosokonekera, usadikire kuche, funa galimoto usiku womwewo.

Zimene anawauza kuchipatala zija n'zoona, koma sizitanthauza kuchira. Akamapima viral load amawerenga kuchuluka kwa tizilombo m'magazi. Mankhwala akamagwira bwino, tizilombo timachepa mpaka makina osathanso kutiwerenga. Koma kachilomboka kamabisala m'malo ena a m'thupi kali gone, ngati moto wa pa chitsa umene waphimbika ndi phulusa. Piritsi la tsiku ndi tsiku lija ndilo limakaletsa kuswana. Munthu akasiya, pamangopita masabata ochepa kayambanso kuchulukana, chitetezo cha m'thupi n'kumatsika mwakachetechete, matenda amene ankaopa kulowa n'kupeza khomo lotsegula.

Poti wandiuza zako, ndikuuze zanga. Mwana wanga wamkazi wachiwiri anamwalira mu 2003, ali ndi zaka 29. Mankhwala analipo koma ogula, osowa, ndipo tinawapeza mochedwa. Tinasala kudya. Amvano anagona pakhomo pathu akupemphera. Ine mayi wake, namwino, ndinkamutembenuza ndekha usiku ndi kumutsuka zilonda za kumsana, supuni ya phala n'kumabwerera yodzaza. Chaka chotsatira, 2004, boma linayamba kupereka ma ARV aulere. Chaka chimodzi chokha, mdzukulu wanga. Ndinaona ndi maso angawa anthu amene anabwera pa wilibala ndi pa machira akubweranso patapita miyezi 6 akupalasa okha njinga. M'wodi tinkangoyang'anana misozi ili lengelenge, chifukwa tinkadziwa kuchuluka kwa manda amene tinakumba tikupempha chinthu chomwechi. Ndiye munthu akamatentha botolo limenelo m'dzina la Mulungu, ine ndimaona akutentha yankho la mapemphero amene ndinapemphera pa mphasa ya mwana wanga. Chozizwitsa cha amayi ako chinalipo kale, ndi zaka zoposa 10 zimene akhala akulima okha n'kukulera iwe.

Si koyamba dziko lino kuthamangira machiritso a kamodzin'kamodzi. Mu 1995 anthu zikwi mazanamazana anakhamukira ku Machinga, kufupi ndi Liwonde, kukamwa mchape, kapu ya madzi a makungwa imene ankati ichotsa Edzi. Mabasi ndi malole ankadzaza. Sindiwaseka anthu amenewo, chifukwa panthawiyo kunalibe pogwira, ndipo munthu wothedwa nzeru amapita kulikonse kumene wamva kuti kuli moyo. Koma maliro sanaleke. Lero pogwira palipo.

Za manyazi a Mulunguzo. Yesu atachiritsa wakhate anamutuma kukadzionetsa kwa wansembe, amene masiku amenewo ndiye ankayang'ana khate n'kugamula ngati latha. Sanaope kuti ntchito yake ipimidwe. Yesaya atamuuza Hezekiya kuti Mulungu wamuwonjezera zaka 15, analamulanso kuti amuike nkhuyu pa chithupsa chija. Paulo, amene ambiri anachira m'manja mwake, anasiya Trofimo akudwala ku Mileto, ndipo ankayenda ndi Luka, dokotala. Palibe pamene panalembedwa kuti Mulungu anachita nazo manyazi. Chimene chinganyozetse dzina lake ku Mponela ndi tsiku limene onse amene anaonera kanema uja adzamve kuti pakhomo panu pagwa zovuta. Ndipo ngati mneneriyo analandirapo ndalama kapena mbuzi, werenga 2 Mafumu 5 uone mmene Elisa anakanira mphatso za Namani, ndi zimene zinamugwera Gehazi amene anazithamangira.

N'zoona, mwana sakalipira mayi ake, ndipo usatero. Pita kwa amalume ako, kapena kwa amayi aakulu amene iwo amawamvera, uwauze zonse, mubwere limodzi. Iwe unene za mumtima mwako zokha: "Amayi, ndikuopa kutsala ndekha. Tiyeni tikapimitse chifuwachi." Za mneneri usakangane nawo tsiku limenelo, chifukwa nawonso ali ndi manyazi awo, poti anaima pamaso pa anthu. Kuchipatala anene zoona, mwezi umene anasiya asabise, chifukwa adokotala amafuna kudziwa zimenezo asanasankhe choyamba kuchiza. Mwina wina adzawalankhula mokalipa. Apirire, iwe uli pambali pawo. Ndaona ambiri amene anasiya, n'kuyambiranso, n'kubwerera m'munda. Ku mapemphero usawaletse, koma awapeze kumene botolo la mankhwala silitengedwa ngati mdani wa chikhulupiriro. Undilemberenso undiuze mmene mwayendera.

FUNSO

Agogo, ndili ku Johannesburg chaka chachisanu, ndimagwira ntchito m'shopu ya zipangizo zomangira. Bwana wanga amanyoza za Mulungu poyera, koma malonda ake akungokula, ana ake ali ndi thanzi. Ine ndimasala kudya Lachitatu lililonse, chakhumi sindiphonya, koma mapepala anga sakutuluka, ndipo malipiro amandidula mmene wafunira. Kodi chifundo cha Mulungu n'cha yani?

*Bambo wa ku Mangochi, ali ku Joni*

YANKHO

Bambo, Asafu wa Salimo 73 anadwala nthenda yomweyi, mpaka anavomera kuti mapazi ake anatsala pang'ono kuterereka poona mtendere wa oipa. Choncho musadzione ngati wachilendo. Yesu anati Atate amawalitsa dzuwa pa oipa ndi pa abwino, mvula n'kugwera olungama ndi osalungama omwe. Kwanu ku Mangochi munaonapo mtambo ukulambalala munda wa munthu wosapemphera? Chifundo chikanakhala malipiro a kusala kudya, bwenzi tikuchitcha malipiro. Yona anakwiya nazo zomwezi Nineve atakhululukidwa, ndipo Mulungu anamukumbutsa za khamu la anthu a mumzindamo ndi ziweto zomwe. Thanzi la ana a bwana wanu lisakupwetekeni mtima, ndi ana.

Koma ndalama zimene akukudulanizo musaziwerengere pa madalitso ake. Yakobo 5:4 akuti malipiro a antchito amene abwana awabisa amafuula, ndipo kulirako kumafika m'makutu a Ambuye. Gulani kabuku, muzilemba masiku, maola ndi zimene mwalandira. Kumeneko kuli bungwe la CCMA limene limamva madandaulo a antchito, obwera omwe. Funsani kwa akuluakulu a kumpingo wanu amene akhalitsa, akuperekezeni.

FUNSO

Amayi, ine ndine mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina ku Zomba. Ndinakulira m'Sande sukulu, koma ndinasiya kukhulupirira ndili ku koleji. Tsamba lanu ndimawerenga chifukwa simuzungulira. Ndiye ndiyankheni mosabisa: zaka zonse zimene munagwira m'chipatala, munaonapo chozizwitsa chenicheni ndi maso anu? Osati zomva. Ndipo n'chifukwa chiyani zozizwitsa za pa TV zimakhala za mutu ndi msana, osati mwendo woduka kumeranso?

*Mphunzitsi wa ku Zomba*

YANKHO

Aphunzitsi, zikomo pondilembera. Sindikutchulani wakunja, chifukwa mawu amenewo ife opemphera tawagwiritsa ntchito ngati chibonga nthawi yaitali. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu pafupifupi awiri pa 100 alionse m'Malawi muno alibe chipembedzo, ndiye ndikudziwa kuti pa maliro ndi pa msonkhano wa makolo mumatsala nokha pamene tonse taweramitsa mitu.

Mwendo woduka kumeranso sindinauonepo, zaka 34 zonse. Ndili wophunzira ndinaona odwala khate ku Utale, ku Balaka, kumene amishoni a Katolika ankawasamala. Zala zimene zinapita sizinabwerere, ngakhale mapemphero sankaphonya tsiku. Chimene chinabwera ndi mankhwala ophatikiza a m'zaka za m'ma 1980, ndipo khate linayamba kugonja. Za pa TV zija, funso lanulo nanenso ndimalifunsa. Yesu kangapo konse akachiritsa munthu ankamulamula kuti asauze wina aliyense, ndiye ndikaona kamera itayamba kufika wodwala asanafike, mtima wanga sukhala m'malo.

Koma ndikuuzeni za usiku umodzi wa mu Januwale, pa chipatala cha mishoni kumene ndinali mzamba. Mayi anabereka mapasa, chiberekero n'kukana kubwerera, magazi ali chuchuchu. Tinabaya jakisoni, ndinatikita mimba mpaka manja anachita dzanzi. Magazi analeka, koma mayi anali atayera m'maso ndi m'zikhatho, thupi lili zii, mtsempha wa pamkono wosamveka. M'firiji munalibe magazi omuyenera. Mlatho unali utakokoloka madzulo omwewo, ambulansi sikanadutsa. Achibale awiri amene anabwera naye tinawapima, sanagwirizane. Ndinatuluka pakhonde ndi nyali m'manja, ndikupemphera pemphero lopanda mawu. Pakhondepo panagona dalaivala wa lole ya feteleza amene anatsekeredwa ndi mlatho womwewo, anangopempha kwa mlonda pousa mvula. Anamva tikulankhula ndi wa ku labotale, anadzuka, n'kuyamba kupinda malaya. Magazi ake tinawapima, anali abwino, ndipo anagwirizana. Pofika mbandakucha mayi uja anatsegula maso n'kufunsa ngati ana ayamwa.

M'mawa ndinamuuza dalaivalayo kuti Mulungu ndiye anamutuma. Anandiyankha mwaulemu kuti iye za Mulungu anasiya kalekale bambo ake atamwalira, anangoona kuti munthu akufa. Sindinamutsutse, iyenso sananditsutse. Tinamwa tiyi pa benchi, thonje lili pa mkono wake.

Inu mudzati mlatho, mvula ndi gulu la magazi zinangokumana, ndipo ine sindingakubweretsereni umboni wa mu labotale woti sizinatero. Ndikudziwanso amayi ena amene anandifera m'manja usiku wonga womwewo, pakhonde palibe lole. Ndinawatseka maso ndekha, ndipo sindiwaiwala ndikamasimba nkhaniyi. Komabe ine ndimati chinali chifundo cha Mulungu, ndipo chimene chimandigwira mtima mpaka lero n'chakuti chinadzera m'mtsempha wa munthu wosapemphera. Sindikuyembekeza kuti nkhaniyi ikutembenuzeni. Yohane analemba kuti ngakhale amene anaona zizindikiro zambiri ndi maso awo sanakhulupirire onse. Mwandifunsa zimene ndinaona, ndipo ndakuuzani zonse, zokoma ndi zowawa zomwe.

Ndili ndi pempho kwa inu. Ambiri opereka magazi ku bungwe losonkhanitsa magazi la Malawi Blood Transfusion Service ndi ophunzira, ndiye sukulu zikatsekera magazi amasowa, pomwe nyengo ya mvula malungo amawamaliza ana magazi. Inu muli ndi kalasi, ndipo mumadziwa kufotokoza kuti thupi limabwezeretsa magazi amene munthu wapereka. A bungweli akadzabwera pasukulu panu, muyambe ndinu kupinda malaya, ana aone.

Mapasa aja, wamkazi ndi wamwamuna, anakula. Mayi wawo ankabwera chaka ndi chaka akakolola, nsengwa ya mtedza ili pamutu, kuti ndikamupatse dalaivala uja akadzadutsa. Lole ija sinadutsenso. Mtedzawo tinkakazinga madzulo n'kugawira magadiyani ogona pakhonde lomwelo.